Zinayamba ndi pempho la basi: nkhondo yothetsa tsankho m'sukulu za boma ku America

Ana a Levi Pearson ankayenda wapansi makilomita pafupifupi 14 kuti akafike kusukulu, madzulo n'kubwereranso mtunda womwewo. Munali mu 1947, m'dera la Clarendon, chigawo cha South Carolina, kummwera kwa dziko la America. Deralo linali ndi mabasi 30 onyamula ana a azungu. Ana akuda analibe ngakhale imodzi. Makolo anasonkherana n'kugula chibasi chakutha chomwe chinkafa kawirikawiri panjira, ndipo atapita kwa akuluakulu a maphunziro kukapempha thandizo, anabwerako chimanjamanja. Akuti anthu akuda sankakhoma msonkho wokwanira kugulira basi.

Pearson anali mlimi. Atalimbikitsidwa ndi m'busa Joseph DeLaine, yemwenso anali mphunzitsi, anakasuma kukhoti. Mlanduwo unathera panjira mu 1948. Kunapezeka kuti malo ake anali pamalire a madera awiri a sukulu, ndipo msonkho ankakhoma kudera lina, osati komwe ana ake ankaphunzira. Zinthu ziwirizi, basi ndi malire, muzisunge m'mutu, chifukwa nkhani yonse ya zaka zoposa 70 zotsatira yakhala ikuzungulira pomwepo.

Tsankho limeneli linali lamulo lolembedwa. Ukapolo utatha mu 1865, m'malamulo aakulu a dziko anawonjezamo ndime mu 1868 yonena kuti chigawo chilichonse chiziteteza anthu onse mofanana. Koma mu 1896, pamlandu wa Homer Plessy, yemwe anamangidwa chifukwa chokhala m'chipinda cha azungu m'sitima ya pamtunda ku Louisiana, bwalo lalikulu la Supreme linagamula kuti kulekanitsa mitundu n'kololedwa malinga mbali zonse zikulandira zofanana. Olekana koma ofanana: mawu amenewa ndiwo anakhala maziko a sukulu zapadera, zipatala zapadera, mipope ya madzi akumwa yapadera, mpaka manda. Pofika 1954, zigawo 17 pamodzi ndi likulu la dziko, Washington, zinkalekanitsa ana akuda ndi oyera m'sukulu mwalamulo. Kulekanako ankakutsata osaphonya, koma za kufanana palibe ankazilabadira. Ku Clarendon, cha m'ma 1949, mwana mmodzi wa mzungu ankamuonongera madola 179 pachaka, wakuda madola 43.

Kwa ife izi si zachilendo. M'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, sukulu za azungu, amwenye ndi makaladi zinali m'manja mwa boma la chitaganya, pomwe za ana a eni dziko zinasiyidwa kwa boma la dziko lililonse ndi mamishoni. John Chilembwe ndi Kamuzu Banda anaphunzirako m'sukulu za anthu akuda kummwera kwa America komweko, Chilembwe ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, Banda ku Meharry, sukulu ya udokotala ya mumzinda wa Nashville.

Amene anagumula khomali sanayambire kupulayimale. Charles Hamilton Houston, loya wa bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP yemwe anaphunzitsanso malamulo payunivesite ya Howard, ankadziwa kuti majaji sangagwetse chigamulo cha 1896 tsiku limodzi. Iye ndi wophunzira wake, Thurgood Marshall, anayamba kuchidyera m'mbali ngati phala lotentha. Anayambira kumayunivesite, komwe bodza la kufanana linali poyera, popeza zigawo zambiri zinalibe n'komwe sukulu ya malamulo ya anthu akuda. Mu 1938 anapambana mlandu wa Lloyd Gaines ku Missouri. Mu 1950 NAACP inapambana iwiri: wa Heman Sweatt ku Texas, yemwe boma linamutsegulira kasukulu kapadera ka malamulo pofuna kuti asaponde payunivesite ya azungu, ndi wa George McLaurin ku Oklahoma, yemwe analoledwa kulowa koma n'kumamukhazika payekha m'kalasi, mulaibulale ndi podyera. Apa majaji anavomereza mfundo yomwe inatsegula njira: sukulu si makoma ndi mabuku okha, komanso anthu amene ukuphunzira nawo ndi makomo amene dzina la sukuluyo limakutsegulira. Houston anamwalira mu Epulo chaka chomwecho, zigamulo ziwirizo zisanatuluke.

Ku Clarendon anthu sanagwe mphwayi. Mu Novembala 1949 oposa 100 anasaina kalata yofuna sukulu zofanana ndi za azungu, ndipo dzina loyamba pamndandanda linali la Harry Briggs, wogwira ntchito pamalo omwetsera mafuta galimoto. Anamuchotsa ntchito. Mkazi wake, Eliza, naye anachotsedwa kumalo ogona alendo komwe ankakonza m'zipinda. Pearson anasiya kupatsidwa ngongole m'masitolo ndi m'mabanki a azungu. DeLaine ndi mkazi wake analandidwa uphunzitsi, nyumba yawo inapsa ozimitsa moto akuonerera, ati inali kunja kwa malire a tauni, ndipo mu 1955 m'busayo anathawa m'chigawocho anthu atawombera kunyumba kwake usiku. Anamwalira mu 1974 asanabwerere kwawo. Mayina a maloya ndi majaji ndiwo amatchuka m'mabuku, koma mtengo wa milanduyi analipira ndi anthu ngati amenewa, omwe ankadziwa bwino lomwe kuti siginecha yawo iwerengedwa ndi bwana wawo.

Mlandu wa Briggs utafika kukhoti mu 1951, pempho linali litasintha. Sankafunanso sukulu zofanana ayi, ankafuna kuti kulekanitsako kuthe. Katswiri wa za maganizo Kenneth Clark, yemwe ankachita kafukufukuyu ndi mkazi wake Mamie, anaonetsa ana 16 akuda a ku Clarendon zidole ziwiri, choyera ndi chakuda, n'kuwafunsa chooneka choipa. Ana 11 analoza chakuda. Mwa majaji atatu, awiri anagamula mokomera boma. Wachitatu, J. Waties Waring, mzungu wobadwira ku Charleston, analemba kuti kulekanitsa ana pakokha ndiko kusafanana.

Chaka chomwecho ku Farmville, m'chigawo cha Virginia, mtsikana wa zaka 16, Barbara Johns, anatsogolera anzake a pasekondale ya Moton kunyanyala maphunziro. Sukulu yomangidwira ana 180 inali ndi ana oposa 450, ena akuphunzirira m'zisakasa za matabwa zokutidwa ndi mapepala a phula. Anawo analembera okha maloya a NAACP. Milandu ina inachokera ku Delaware, ku Washington, ndi ku Topeka m'chigawo cha Kansas, komwe makolo 13, mmodzi mwa iwo Oliver Brown, anakanizidwa kulembetsa ana awo pasukulu zapafupi ndi kwawo. Bwalo la Supreme linaimva pamodzi milanduyi, ndipo dzina lomwe linakhala pamwamba ndi la Brown v. Board of Education. Mlandu wa ku Topeka unali ndi phindu lake: kumeneko nyumba za sukulu ndi aphunzitsi zinali zofananako ndithu, choncho majaji sakanatha kuthawira ku nkhani ya madenga odontha. Funso linatsala limodzi, ngati kulekanitsa ana chifukwa cha khungu n'kololedwa.

Pa 17 Meyi 1954 majaji onse 9, motsogozedwa ndi Earl Warren, anayankha kuti ayi. Anati kupatula ana chifukwa cha mtundu wawo kumawabzala mumtima maganizo oti ndi otsika, ndipo bala lake mwina silingapole. Boma lalikulu linali litauza kale bwalolo kuti tsankho likuchititsa manyazi America kunja, panthawi yomwe inkapikisana ndi Soviet Union pokopa mayiko a ku Africa ndi Asia.

Ambiri amaganiza kuti nkhani inathera pamenepo. Zoona zake n'zoti kwa zaka khumi pafupifupi palibe chinasintha. Mu 1955 bwalo lomwelo linanena kuti chigamulocho chitsatidwe mwachangu koma mosamala, osaika tsiku, ndipo andale a kummwera anamva mawu achiwiriwo okha. Mu 1956 aphungu 101 a kunyumba ya malamulo ya dziko lonse anasaina chikalata cholonjeza kulimbana ndi chigamulocho. Mu Seputembala 1957 bwanamkubwa wa Arkansas, Orval Faubus, anaika asilikali pakhomo la sekondale ya Central mumzinda wa Little Rock kuti atsekereze ana 9 akuda, mpaka Pulezidenti Dwight Eisenhower anatumiza asilikali a boma lalikulu kukawaperekeza m'kalasi. Chaka chotsatira Faubus anatseka masekondale onse a boma mumzindawo kwa chaka chathunthu. Mu Novembala 1960 Ruby Bridges, wa zaka 6, analowa pasukulu ya William Frantz ku New Orleans ali pakati pa apolisi a boma lalikulu. Makolo a azungu anachotsa ana awo, ndipo mphunzitsi wake, Barbara Henry, anamuphunzitsa yekhayekha m'kalasi chaka chonse. Kwawo kwa Barbara Johns, m'dera la Prince Edward, akuluakulu anatseka sukulu zonse za boma kuyambira 1959 mpaka 1964. Ana a azungu anapita kusukulu yoyima payokha yomwe inkathandizidwa ndi ndalama za boma, ndipo ana ambiri akuda anakhala zaka zisanu osaponda m'kalasi. Pofika 1964, mwa ana 100 alionse akuda a kummwera, amene ankaphunzira limodzi ndi azungu anali mmodzi kapena awiri basi.

Chimene chinasuntha zinthu ndi ndalama ndi masiku omalizira. Lamulo la ufulu wa anthu la 1964, lomwe linabwera anthu ataguba, kumenyedwa ndi kuphedwa m'misewu ya Birmingham ndi malo ena, linapatsa boma lalikulu mphamvu yomana ndalama bungwe lililonse latsankho komanso yosumira lokha madera ouma mutu. Mu 1965 kunabwera lamulo lina lothira ndalama zambiri za boma lalikulu m'sukulu za ana osauka. Tsopano dera lokana kusintha linali ndi chotaya. Nawonso majaji analeka kunyengerera. Madera ambiri anali atatulukira njira yoti kholo lizisankha lokha sukulu, podziwa kuti palibe mzungu angasankhe ya akuda, ndipo wakuda wosankha ya azungu adzaona zomwe anaona Briggs. Mu 1968, pamlandu wa Green wochokera ku New Kent m'chigawo cha Virginia, bwalo linati udindo ndi wa akuluakulu a sukulu, osati makolo, ndipo tsankho lizulidwe ndi mizu yomwe: kagawidwe ka ana, aphunzitsi, antchito, mayendedwe, masewera ndi nyumba. Mu 1969 linati zichitike nthawi yomweyo. M'zaka zochepa chabe, kummwera, komwe kunali chimake cha tsankho, kunasanduka dera lomwe ana akuda ndi oyera ankaphunzirira limodzi kwambiri kuposa kwina kulikonse m'dzikolo.

Apa basi ija inabweranso. M'mizinda anthu akuda ndi azungu ankakhala m'malokeshoni osiyana, ndiye kungonena kuti mwana aliyense apite pasukulu yapafupi sikukanasintha kanthu. Ku Charlotte, m'chigawo cha North Carolina, m'busa Darius Swann ndi mkazi wake, atabwera ku India komwe ankatumikira, anakanizidwa kulembetsa mwana wawo pasukulu yosakanikirana. Loya wawo, Julius Chambers, anaphulitsiridwa galimoto ndi nyumba, kenaka ofesi yake inatenthedwa. Mu 1971 bwalo la Supreme linavomereza kuti jaji angalamule kuti ana azinyamulidwa pamabasi kudutsa malokeshoni pofuna kusakaniza sukulu. Anthu ambiri anakwiya, nati n'kuzunza ana kuwayendetsa mitunda italiitali. Dandaulo limenelo lili ndi pake, makamaka poti nthawi zambiri amene ankadzuka m'mbandakucha kukwera basi yopita kutali anali ana akuda. Koma kwa zaka makumi angapo mabasi anali akudutsitsa ana pasukulu zapafupi kupita nawo kusukulu ya mtundu wawo, ndipo ku Clarendon basi ya azungu inkawaza fumbi ana akuda oyenda pansi, popanda wandale wodandaula za mtunda. Ku Boston, mzinda wa kumpoto womwe unkadzitama kuti ulibe tsankho, jaji W. Arthur Garrity atalamula za mabasi mu 1974, anthu a ku South Boston anagenda mabasi onyamula ana akuda.

Kumpoto kunalibe malamulo onga a kummwera, koma kunali mapu. Kuyambira m'ma 1930 mabungwe a boma oona za ngongole za nyumba ankajambula mizere yofiira kuzungulira malokeshoni a anthu akuda kuti ndi malo osayenera ngongole, kwinaku akuthandiza azungu kugula nyumba m'timatauni tatsopano tozungulira mizinda, momwe anthu akuda sankaloledwa kugula. Ndipo ku America sukulu za boma siziyendetsedwa ndi unduna umodzi monga kuno. Dzikolo lagawidwa m'madera a sukulu pafupifupi 13,000, lililonse ndi komiti yake, ndipo ndalama zoyandikira theka zimachokera m'dera momwemo, makamaka kumsonkho wa nyumba ndi malo. Kukhala kwa nyumba zodula kumatanthauza sukulu yolemera. Mu 1973, pamlandu wa Rodriguez wochokera ku San Antonio, majaji asanu mwa 9 anati kusiyana kotereku sikuphwanya malamulo aakulu a dziko.

Chigamulo chomwe ine ndimachiona kuti ndicho chinadula miyendo ntchito yonseyi chinabwera mu 1974, pamlandu wa Milliken. Ku Detroit azungu ambiri anali atasamukira kunja kwa mzinda, moti jaji Stephen Roth anaona kuti kusakaniza ana a mumzinda okhaokha n'kungotaya nthawi. Analamula kuti madera 53 ozungulira alowe nawo m'ndondomekoyo. Bwalo la Supreme linakana, majaji asanu kwa anayi, ponena kuti malire a dera la sukulu sangadumphidwe pokhapokha patapezeka umboni woti dera linalo linachita nawo tsankho mwadala. Anayi mwa asanuwo anasankhidwa ndi Pulezidenti Richard Nixon, yemwe ankatsutsa poyera za mabasi. Thurgood Marshall, yemwe tsopano anali jaji wa bwalo lomwelo kuyambira 1967, analemba motsutsa kuti ana akapanda kuyamba kuphunzirira limodzi, chiyembekezo n'chochepa kuti anthu a dzikolo adzaphunzira kukhalira limodzi. Uthenga kwa kholo lofuna kuthawa unali womveka: samukani makilomita ochepa, muoloke mzere, jaji sakupezani. N'chifukwa chake kusakaniza kunagwira bwino m'malo ngati Charlotte ndi Louisville, komwe mzinda ndi madera ozungulira anali pansi pa komiti imodzi ndipo kunalibe kothawira pafupi.

Kodi zinathandiza? Katswiri wa zachuma Rucker Johnson, wa payunivesite ya California ku Berkeley, anatsata miyoyo ya anthu masauzande kuyambira ubwana mpaka ukulu. Anapeza kuti ana akuda omwe anaphunzira m'sukulu zosakanizidwa molamulidwa ndi khoti anapita patali ndi maphunziro, ankalandira ndalama zochuluka, anali ndi thanzi labwino ndipo ochepa ndi amene anakalowa kundende, poyerekeza ndi anzawo omwe sanapeze mwayiwo. Ana a azungu sanatayepo kanthu. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 kusiyana kwa zotsatira za mayeso pakati pa ana akuda ndi oyera kunachepa kwambiri. Chinsinsi sichinali choti kukhala pafupi ndi mzungu kumapatsa nzeru. Kumene kuli ana a anthu amphamvu ndi kumene kumapita ndalama, aphunzitsi ozama ndi makalasi a ana ochepa, ndipo mwana wakuda akakhala m'kalasi lomwelo, palibe njira yomumana popanda kumananso mwana wa bwana.

Komabe panatayika zambiri, ndipo omenyera ufulu oona mtima sabisa. Sukulu zikaphatikizidwa, yomwe inkatsekedwa inali ya akuda. Akuti aphunzitsi ndi mahedimasitala akuda oposa 38,000 anachotsedwa ntchito m'zaka khumi zoyambirira, anthu omwe anali mizati ya m'midzi mwawo ndipo ankakhulupirira ana awo. Ana ambiri anakafika m'manja mwa aphunzitsi osawafuna, n'kuikidwa m'makalasi a ofooka mkati mwa sukulu yomwe kunja inkaoneka yosakanikirana. W. E. B. Du Bois anali atachenjeza kale mu 1935 kuti chomwe mwana wakuda akusowa si sukulu yapadera kapena yosakanikirana, koma maphunziro. Mpaka lero alipo makolo akuda amene amati bola mutipatse ndalama zokwanira pasukulu yathu yapafupi kusiyana n'kutumiza mwana komwe akamuone ngati mlendo. Sindiwaona ngati olakwa. Chovuta n'choti lonjezo la ndalama zofanana kusukulu zolekana ndi lomwe lija la 1896, ndipo silinasungidwepo.

Chiwerengero chinafika pachimake mu 1988, pomwe ana akuda oposa 40 mwa 100 alionse kummwera ankaphunzira m'sukulu zomwe ambiri anali azungu. Kenaka makhoti anayamba kubwerera m'mbuyo. Zigamulo za 1991, 1992 ndi 1995, zokhudza Oklahoma City, dera la DeKalb ku Georgia ndi Kansas City, zinapeputsa njira yoti dera limasulidwe m'manja mwa jaji, ngakhale zikuonekeratu kuti sukulu zibwerera mwakale. Madera mazanamazana anamasulidwa, Charlotte yomwe, ndipo pofika 2011 chiwerengero chija chinali chitatsikira pa 23. Mu 2007 bwalo linapitirira apo. Seattle ndi Louisville ankayang'ana mtundu wa mwana pogawa malo, mwakufuna kwawo, kuti sukulu zisapendekere mbali imodzi, ndipo majaji asanu anati zimenezo nazonso n'zosaloledwa. Mkulu wa majaji, John Roberts, anati njira yothetsera tsankho la mtundu ndi kusiya kuyang'ana mtundu. Mbali zonse ziwiri zinkati zikutsata chigamulo cha Brown.

Lero nkhaniyi sikhudza akuda ndi azungu okha. Ana ochokera m'mabanja olankhula Chisipanishi, omwe makolo ena a mtundu wawo anapambana mlandu wa Mendez ku California kale mu 1947, ali m'gulu la opatulidwa kwambiri. Ofesi yofufuza za kayendetsedwe ka ndalama za boma ya GAO inapeza kuti m'chaka cha sukulu cha 2020 mpaka 2021, ana oposa gawo limodzi mwa magawo atatu, pafupifupi 18.5 miliyoni, anali m'sukulu zomwe ana 75 kapena kuposa mwa 100 alionse ndi a mtundu umodzi.

Omenyera ufulu akugwira ntchito ndi zida zomwe zatsala. Ena akusumira m'makhoti a zigawo pogwiritsa ntchito malamulo a chigawocho, monga ku Connecticut, komwe mlandu wa Sheff mu 1996 unabala sukulu zapadera zokopa ana a mumzinda wa Hartford ndi a kunja kwake kuti akumane. Ena akusakaniza ana potengera chuma cha makolo m'malo mwa khungu, monga ku Cambridge m'chigawo cha Massachusetts. Ku Boston ndondomeko ya METCO, yomwe inayamba mu 1966, ikunyamulabe ana a mumzinda kupita kusukulu za m'matauni ozungulira. Ena asiya za sukulu n'kulimbana ndi malamulo a kamangidwe ka nyumba omwe amatsekera osauka kunja kwa madera olemera. Ndipo ntchito yambiri ikuchitikira m'misonkhano ya makomiti a sukulu madzulo, pomwe makolo amakangana za msewu womwe mzere wa pamapu udutse.

Ku Summerton, tauni ya ku Clarendon komwe zonsezi zinayambira, ana oyamba akuda analowa sekondale ya azungu mu 1965. Chaka chomwecho kunatsegulidwa sukulu yoyima payokha, Clarendon Hall, ndipo m'zaka zochepa ana a azungu pafupifupi onse anali atachoka m'sukulu za boma. Mu 2004 nyumba ya malamulo inapereka mendulo zagolide kwa Pearson, DeLaine, Harry ndi Eliza Briggs, onse atamwalira kale. Mu 2022 malo a sukulu za ku Summerton anaikidwa m'gulu la malo osungirako mbiri ya mlandu wa Brown. Sekondale ya Scott's Branch, komwe ana a Pearson ankapita wapansi, ikadalipo, ili ndi mabasi tsopano, ndipo ana omwe amatsika m'mabasiwo m'mawa pafupifupi onse ndi akuda.